Mizere ya matailosi yada: tipake utoto kapena tigumule?

Nyumba zambiri zimene zamangidwa zaka zapitazi, kaya ku Area 49 ku Lilongwe, ku Machinjiri kapena ku Luwinga, zinatsanzikana ndi simenti yofiira yopukuta ndi Cobra n'kuika matailosi. Matailosiwo sakalamba msanga. Chokalamba ndi girauti, simenti yosalala ija imene mmisiri amathira m'mipata ya pakati pa tailosi ndi inzake. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mizere imene inali mbee imakhala bii, pena yagumuka, ndipo pabalaza ponse pamaoneka pauve ngakhale mukolope mpaka msana kuwawa. Mwini nyumba amayamba kuwerengera ndalama za matailosi ena, chonsecho vuto lili m'timizere ta mamilimita atatu okha.

Timakolopa m'mawa uliwonse. Nanga mizereyi ikuda chifukwa chiyani?

Kawirikawiri ikuda ndi kukolopa komweko. Pamwamba pa tailosi m'poterera ndipo sipalowa madzi, koma girauti wamba ndi simenti yosakaniza ndi mchenga wosalala kwambiri, utoto ndi timankhwala tina tothandiza kumata. Simenti ikauma imakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene timamwa chilichonse chamadzimadzi. Chinanso, mzere wa girauti umakhala wolowa pang'ono poyerekeza ndi tailosi. Ndiye chikolopa chikamadutsa chimakokolola dothi pa tailosi n'kukalisiya mumzeremo. Madzi amauma, dothi n'kutsala. Mawa chimodzimodzi. Ndowa imodzi imene yayambira kuchipinda, kudzera pabalaza n'kukathera kukhitchini imakhala itasanduka matope a katondo ulendo usanafike pakati, ndipo matope amenewo ndiwo girauti akumwa tsiku ndi tsiku.

Sopo wambiri amawonjezera vuto. Wa ufa wochapira zovala, amene ambiri timangothira m'ndowa mosayeza, amasiya zomata zimene fumbi limakakamirapo. Kukhitchini kumabwera mafuta ophikira ndi mwaye wa mbaula, kubafa kumabwera chuku poti pansi sipauma. Polishi wa pansi, amene ankagwirizana ndi simenti yofiira, pa matailosi amangowononga: amadzaza m'mizere n'kugwira dothi, ndipo tsiku limene mudzafune kupaka utoto adzaukaniza kulowa.

Ndidziwa bwanji kuti apa m'pofunika kungotsuka, apa kupaka utoto, apa kuchotseratu?

Musanagule kalikonse, gwadani pansi muli ndi msomali, ndalama yachitsulo ndi kapu ya madzi.

Msomaliwo kandani nawo mzere m'malo angapo: pakhomo, pakati pa chipinda, pafupi ndi sinki. Girauti wabwino amakana. Msomali umangosiya kamzera koyera, ndipo kuyerako kukukuuzani kuti dothi lili pamwamba pokha. Akamanyenyeka, n'kumatuluka ufa kapena zibenthu, ndiye kuti watha ntchito ndipo palibe utoto umene ungamudzutse.

Ndalamayo gogodani nayo tailosi iliyonse, pakati ndi m'makona. Yomatika bwino imalira mawu aafupi, olimba. Imene kunsi kwake kuli mphako imalira mosiyana, ndipo khutu lanu lidzazindikira lokha mukangogogoda zingapo. Tailosi yotere imagwedera pang'ono munthu akaiponda, ndipo ndi imene imathyola girauti woizungulira. Ilembeni ndi choko.

Madziwo donthezani pamzere wouma. Akalowa, pamalopo n'kuderapo pasanathe mphindi zochepa, girauti wanu ndi wa simenti ndipo timabowo take n'totseguka: utoto adzaumwa. Akangokhala pamwamba timadontho, pali china chotchinga, kaya polishi, mafuta kapena sealer (mankhwala otseka timabowo) wakale, apo ayi girautiyo ndi wa epoxy.

Mukatero chigamulo sichivuta. Wolimba koma wakuda, mutsukeni. Kutsuka kukakanika, kapena mtundu wake wangokutopetsani, mupakeni utoto. Wonyenyeka, muchotseni. Tailosi yolira mphako iyambe yazulidwa n'kumatidwanso, girauti abwere pambuyo. Ndipo si lamulo kuti chipinda chonse chilandire chithandizo chimodzi. Nthawi zambiri mizere yofunika kugumula imakhala ya pakhomo ndi ya pafupi ndi madzi, ina yonse ili bwinobwino.

Potsuka ndigwiritse ntchito chiyani? Ena akuti spirits of salts amayeretsa nthawi yomweyo.

Amayeretsadi, koma tifika kumeneko. Yambani ndi zofatsa. Soda yemwe uja wa therere musakanizeni ndi madzi pang'ono, mupake m'mizere, mudikire mphindi 10 kapena 15, kenako mukweche ndi bulashi yolimba ya pulasitiki kapena mswachi wakale. Tsukuluzani ndi madzi oyera n'kupukuta ndi nsanza youma, kuti dothi mwalitakasalo lisabwererenso momwemo. Kukhitchini, kumene vuto ndi mafuta, madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale amagwira ntchito kuposa soda. Bulashi ya waya ndi steel wool zisayandikire: zimakumba girauti, zimakanda tailosi, ndipo tizidutswa ta waya totsalira timachita dzimbiri n'kusiya madontho ofiira.

Chuku cha kubafa chimamva Jik wosungunula ndi madzi monga alembera pabotolo, mawindo ali otsegula. Kungoti girauti wamtundu amasuluka naye mawangamawanga, choncho yesani kaye pakona.

Tsopano za asidi. Viniga, madzi a mandimu ndi spirits of salts onse ndi asidi, ndipo asidi amadya simenti. Mzere umayera chifukwa kachikopa kapamwamba kadyeka pamodzi ndi dothi lake. Mwezi wamawa udzada msanga kuposa kale, poti timabowo takula. Viniga wa apo ndi apo sagwetsa nyumba, koma wa mlungu uliwonse amamaliza girauti pang'onopang'ono. Spirits of salts ndi nkhani ina: ndi hydrochloric acid wamphamvu, amawotcha khungu ndi maso, ndipo nthunzi yake yokha imadyetsa dzimbiri mipopi, mahinjesi ndi sinki zimene simunazikhudze n'komwe. Pa marble ndi terrazzo asidi aliyense amasiya zipsera zosafufutika.

Chimodzi chokha musachiiwale. Jik asakumane ndi asidi, kaya viniga, spirits of salts kapena mankhwala otsukira chimbudzi monga Harpic, amene mitundu yake yambiri ili ndi asidi yemweyo. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine. Asakumanenso ndi zotsukira zokhala ndi ammonia, chifukwa nazo zimatulutsa mpweya wina wapoizoni. M'bafa laling'ono lotseka chitseko munthu amabanika pakanthawi kochepa. Mukamva maso kuyabwa ndi chifuwa kuthina, tulukani panja msanga, ndipo kupuma kukapitiriza kuvuta pitani kuchipatala. Wantchito wapakhomo, amene ndiye amagwira mabotolo amenewa tsiku ndi tsiku, muuzeni zimenezi lero.

Mizere yathu imatuluka ufa woyera. Tikasesa umabweranso. Ndi girauti akutha?

Mwina ayi. Kawirikawiri umenewo ndi mchere wochokera m'simenti ya pansi. Chinyontho chikamakwera kuchokera m'dothi chimasungunula mcherewo, n'kutulukira m'mizere poti pa tailosi palibe potulukira. Madzi akauma, mchere umatsala pamwamba. M'nyumba yatsopano zimatha zokha pakapita miyezi. Zikamabwera dzinja lililonse, kaonetsetseni panja: madzi a padenga akugwera pati, ngalande ikuyenda, paipi ya pansi sikudontha, ndipo pothira konkire anayala pulasitiki yakuda ija kapena anaidumpha pofuna kupulumutsa ndalama? Ufawo uchotseni ndi bulashi youma, chifukwa madzi amangoubwezera mkati. Utoto wopaka pamzere umene chinyontho chikutulukirabe umasupuka, ndiye yambani mwathana ndi madziwo.

Utoto wa girautiwo ndi wotani, ndipo amapaka bwanji?

M'masitolo umalembedwa kuti grout colourant kapena grout stain. Ndi wamadzimadzi, umabwera m'botolo laling'ono, ndipo umagwira ntchito ziwiri: umalowa m'timabowo n'kusintha mtundu, komanso ukauma umatseka timabowoto kuti dothi lisalowenso. Makampani opanga zomatira matailosi monga Mapei ya ku Italy ali nawo wa mitundu yambiri. Kuno sungapezeke m'hadiweya iliyonse. Funsani m'masitolo akuluakulu a matailosi, apo ayi tumani wachibale wobwera kuchokera ku Joni. Botolo limodzi limayenda mtunda wautali chifukwa mizere ndi yopyapyala.

Ntchito yaikulu si kupaka, ndi kutsuka. Utoto umagwira pa simenti, osati pa mafuta, sopo kapena polishi. Tsukani monga tafotokozera, tsukuluzani kawiri, ndipo lekani pansi paume tsiku lathunthu, m'dzinja masiku awiri. Pena pamene girauti wagumuka tsekani ndi watsopano, nayenso aume masiku atatu.

Yesani kaye kuseri kwa chitseko kapena kunsi kwa firiji, mudikire mpaka mawa. Mukufuna kuona ziwiri: mtundu weniweni ukauma, komanso ngati wodontha pa tailosi ukuchoka. Pa matailosi oterera umachoka mosavuta. Pa osaterera, monga a dothi lowotcha a pakhonde, slate ndi miyala ina yachilengedwe, umalowa n'kukhazikika, ndipo pamenepo pamafunika kumata tepi m'mbali mwa mzere uliwonse kapena kuyamba mwateteza matailosiwo ndi sealer.

Zikayenda bwino, khutchumulani botolo, thirani pang'ono m'kambale, ndipo ndi mswachi muzikhutiza utotowo mumzere, kupita ndi kubwerera, wochepa wokwanira kuphimba. Gwirani kachigawo kakang'ono, matailosi anayi kapena asanu ndi imodzi, mupukute wosefukira, musunthe. Mitundu ina imafuna kupukuta nthawi yomweyo, ina imati mudikire mpaka ola n'kuwaza timadzi musanakweche. Apa mverani botolo lanu, osati mnansi amene anagwiritsa ntchito lina. Yambirani kukona yakutali muzibwerera chakukhomo. Patatha maola angapo mukhoza kuyendapo, koma madzi asafikepo tsiku limodzi mpaka masiku atatu, ndipo bulashi isadutsepo masabata awiri kapena atatu oyamba.

Kuchoka pa mtundu wowala kupita ku woderapo, kupaka kamodzi kumakwana. Kuchoka pa wakuda kupita ku wowala, konzekerani kawiri. Utoto wopakidwa bwino umakhala zaka zingapo, ndipo umayamba kutha pakhomo ndi m'kolido, pamene mungathe kungobwerezapo osakhudza kwina.

Nanga penti wamba, kapena okisaidi amene tinatsala naye pomanga?

Penti wa madzi wa pakhoma amasupuka ndi chikolopa pasanathe miyezi. Wa mafuta amakhala pamwamba osalowa, amatsekera chinyontho kunsi, kenako amayamba kusendeka zigambazigamba zimene kuzichotsa kwake kumavuta kuposa dothi munali nalo poyamba. Okisaidi ndi ufa wofunika kusakanizidwa m'simenti isanaume. Wosungunula m'madzi n'kupaka pamwamba amathera kumapazi a ana ndi pamabedi. Palinso zolembera za girauti zooneka ngati maka. Zimathandiza pakhoma la kubafa mlendo akubwera mawa, koma pansi popondedwa sizikhalitsa.

Ndisankhe mtundu wanji?

Tulukani panja muone dothi la pabwalo panu, chifukwa ndi limene lidzakhale m'mizeremo zaka zonse zikubwerazi. Girauti woyera pansi pa nyumba ya ku Lilongwe, kumene fumbi lofiira limalowa ndi pawindo lotseka lomwe m'mwezi wa Okutobala, ndi kudzisakira ntchito. Amakongola tsiku lolowa m'nyumba, ndipo ofuna kukongola kumeneko adziwe kuti walira mvula walira matope. Wakuda bii nayenso ali ndi zake: amaonetsa sopo wouma, laimu wa madzi a pamjigo ndi mchere uja, komanso amaulula mzere uliwonse umene mmisiri anakhotetsa. Ine ndimalimbikitsa wapakatikati, wotuwa kapena wofiirira, woderapo pang'ono kuposa tailosi. Woyera musiyireni khoma.

Bwanji osangopaka girauti watsopano pamwamba pa wakaleyo?

Amisiri ena amavomera ntchito imeneyi chifukwa imatha tsiku limodzi ndipo imaoneka bwino polandira malipiro. Koma simenti ya milimita imodzi yopakidwa pa simenti yakale yauve ilibe pogwira. Imayamba kusweka pakangopita masabata, ndipo mumatsala ndi mizere ya mitundu iwiri. Girauti amalimba chifukwa chogwira m'mbali mwa matailosi awiri, choncho amafuna kuya. Muyezo wabwino ndi kuchotsa magawo awiri mwa atatu a kukhuthala kwa tailosi: ngati ndi ya mamilimita 8, kumbani mamilimita 5 kapena kuposerapo. Osachepera 3 zivute zitani.

Ndiye kuchotsako kumatheka ndi chiyani, osaswa matailosi?

Yambani mwawerengera ntchito. Chipinda cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, cha matailosi a masentimita 40 mbali zonse, chili ndi mizere yotalika pafupifupi mamita 100 mukailumikiza. Cha matailosi a masentimita 60 chili ndi mamita pafupifupi 67, cha a masentimita 30 chimapitirira mamita 130. Yonseyo mudzayenda chogwada. N'chifukwa chake tinati musagumule mzere umene msomali waulephera.

Chida chotetezeka kwambiri ndi kasowo ka m'manja kotchedwa grout rake, ka chogwirira ndi kampeni kakafupi kokhakhala. Mumakoka mumzere mobwerezabwereza, girauti n'kumasanduka ufa. N'kochedwa koma sikaswa kanthu. Kakasowa, chidutswa cha mpeni wa hakiso chokulunga nsanza mbali yogwira chimathandiza pa girauti wofewa ndi mizere yopyapyala. Amene ali ndi makina aang'ono onjenjemera otchedwa oscillating multi-tool, okhala ndi mpeni wa carbide kapena wa dayamondi, ndiye apeza chida choyenera: chimafulumira, chimamvera dzanja, ndipo fumbi lake silimwazika kwambiri.

Chimene amisiri ambiri kuno amabwera nacho ndi girayinda. Imadula msanga, inde, koma mpeni wake umazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi, ndipo dzanja likangotsetsereka pang'ono tailosi yalembeka mpaka kalekale. Pa mizere ya mamilimita 2 kapena 3 mpeniwo umadya ndi m'mphepete mwa tailosi momwe. Ngati palibe kuchitira mwina, igwiridwe ndi munthu woizolowera, idule pakati pa mzere pokha, ndipo m'mbali ndi m'makona mumalizidwe ndi manja. Tchizulo ndi hamala ndizo zimabenthula matailosi kuposa china chilichonse. Chitsulo chilichonse chimene mwalowetsa mumzere musachitsamiritse pa tailosi pofuna kutukula girauti, chifukwa m'mphepetemo ndi mosachedwa kuthetheka.

Musakumbe mopitirira tailosi. M'bafa, makamaka la nyumba yosanja, kunsi kumatha kukhala mankhwala kapena chinsalu chotchinga madzi, ndipo mukachiboola mudzamva kwa okhala pansi. Abale amene ali ku Britain kapena m'nyumba zina za ku South Africa afunse kaye ngati pansi pali mawaya otenthetsa nyumba. Ndipo musanayambe, kaoneni ngati kusitolo kunatsala matailosi a mtundu womwewo. Imodzi kapena ziwiri zimatha kusweka ngakhale m'manja mwa katswiri, ndipo mtundu umene munagula zaka zisanu zapitazo mwina unasiya kubwera.

Mukamaliza, chotsani ufa wonse m'mizere ndi bulashi, kapena makina opopa fumbi ngati alipo, n'kupukuta ndi siponji yonyowa pang'ono.

Fumbi limenelo ndi loopsa, kapena n'kungokokomeza?

Mchenga wa m'girauti ndi tailosi yomwe zili ndi silica. Girayinda ikamadula pouma imatulutsa fumbi losalala kwambiri limene limakafika mkati mwa mapapo ndipo silitulukanso. Matenda ake ndi silicosis, omwe aja anadwalitsa ena mwa makolo athu amene anapita ku migodi ya golide ya ku Joni kudzera ku WENELA ndi TEBA. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a migodi anavomera kupereka chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB, khoti linavomereza mu 2019, ndipo ndalamazo zimaperekedwa kudzera ku Tshiamiso Trust. Mwini nyumba wogumula chipinda chimodzi sali pa chiopsezo chofanana ndi cha mumgodi. Koma mnyamata amene amadula matailosi chaka chonse atamanga mpango pamphuno ali panjira yomweyo, ndipo silicosis ilibe mankhwala ochiza.

Masiki oyenera ndi olembedwa N95 kapena FFP2. Ansalu aja tinkavala nthawi ya Covid-19 satchinga fumbi lotere. Valani magalasi oteteza maso, nyowetsani mzere pang'ono musanapale ndi manja, tsegulani mawindo, tsekani zitseko za zipinda zina, ndipo ana ndi aliyense wa mphumu akhale kutali. Ngati mwalemba mmisiri, masiki mugulireni ndinu. Mtengo wake sufika pa wa tailosi imodzi yabwino.

Watsopanoyo ndigule wotani, wochuluka bwanji? Simenti yoyera siingakwane?

Simenti yoyera yokhayokha ndi imene inathiridwa m'nyumba zambiri, ndipo ndi chifukwa china chimene mizere ikuderamo ndi kung'aluka. Simenti yopanda mchenga imanyala pouma, n'kusiya timing'alu m'mbali mwa tailosi. Girauti wa m'paketi, wa makampani monga TAL kapena Weber, anamuyeza kale mchenga ndi zomatira. Papaketi amalemba kukula kwa mipata imene akuyenera. Werengani pamenepo, chifukwa wa mipata yopyapyala amang'aluka mumpata waukulu, ndipo wa mchenga wokhakhala salowa bwino mumpata wochepera mamilimita 3. Kubafa ndi pakhonde ndi bwino kusakaniza ndi mankhwala amadzi oyera a latex m'malo mwa madzi, kuti asamamwe kwambiri. Wa epoxy samwa madzi kapena mafuta n'komwe, koma ndi wodula, amauma msanga kukatentha, ndipo wotsalira pa tailosi akauma kuchotsa kwake ndi nkhondo. Ameneyo apake amene anamugwirapo kale.

Kuchuluka kwake n'kochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Chipinda chija cha mamita 4 ndi 5, matailosi a masentimita 40, mipata ya mamilimita 3, chimadya pafupifupi makilogalamu 4, ndiye paketi ya makilogalamu 5 ikwana. Matailosi akakhala a masentimita 30 ndi mipata ya mamilimita 5, pamafunika kawiri kake ndi kakusefukira. Mukagula mapaketi angapo, onani kuti nambala ya gulu lopangira ikufanana, chifukwa mtundu umasiyanako pang'ono.

Posakaniza thirani madzi kaye, ufa pambuyo, ndipo muyeze madziwo monga paketi yanenera. Akhale wolimba ngati chiponde, woti sakuyenderera mukapendeketsa chopakira. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera: girauti wamadzimadzi amathirika mosavuta, mmisiri amamaliza msanga, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya mabowo, mzere n'kukhala wofewa ndi wamawanga. Mukakanda musiyeni mphindi 5, mutakasenso, ndipo sakanizani wongokwanira theka la ola. Akayamba kulimba m'beseni mutayeni. Kumuthira madzi kuti afewe n'kumupha.

Mukanikizeni mumzere ndi chopakira cha labala, kapena chidutswa cha patapata chimene amisiri athu amadalira, mukuyendetsa mopingasa kuti musamukokololenso. Adzaze mpaka pansi. Patatha mphindi 15 mpaka 30, akayamba kugwira, pukutani ndi siponji yofinya bwino, mukusintha madzi pafupipafupi. Kautsi koyera kotsala pa matailosi kamachoka ndi nsanza youma pakapita maola angapo. Valani magolovesi, simenti yaiwisi imadya zala.

Kutentha nakonso n'kofunika kukuganizira. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatha kupitirira madigiri 40, girauti amauma asanakhwime ndipo amatuluka wonyenyeka. Gwirani m'mamawa, nyowetsani mizere pang'ono musanathire koma musasiye madzi odikha, ndipo pakhonde tchingani dzuwa. Pasapondedwe tsiku lathunthu, pasakolopedwe masiku atatu. Kenako, ngati mungamupeze, pakani sealer wolowa mkati, ndipo muzibwereza madontho a madzi aja akayambanso kulowa.

Tinasintha chaka chatha, koma wang'alukanso pamzere womwewo. Talakwitsa pati?

Girauti sang'aluka yekha kawiri pamalo amodzi. Chilipo chikusuntha. Mwina ndi tailosi yolira mphako ija, imene anaimata ndi timibulu tisanu ta guluu m'malo moyala guluuyo ponseponse. Mwina matailosi anaikidwa konkire isanathe kunyala, poti pamafunika masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kapena anawagunditsa kukhoma osasiya mpata. Matailosi amafutukuka kukatentha n'kubwerera kukazizira, ndipo akasowa kopita amakankhana mpaka tsiku lina mzere wonse udzuke pakati pa chipinda ndi phokoso loti anthu athawa m'nyumba. Pamafunika mpata wa mamilimita 5 kuzungulira khoma, wobisika kunsi kwa sikating'i, ndi mzere wofewa pa mamita 5 aliwonse m'nyumba, kapena 3 pakhonde lowombedwa dzuwa. Mizere imeneyi, pamodzi ndi pokumana khoma ndi pansi m'bafa, imatsekedwa ndi silikoni, osati girauti.

Mng'alu ukadutsa m'matailosi enieniwo molunjika, n'kukwera khoma, nkhani yachoka kwa woika matailosi. Nyumba zomangidwa m'madambo pa dothi la makande, limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, zimachita zimenezi. Itanani wodziwa za maziko.

Ndili pa lendi. Ndingasinthe mtundu popanda kuuza eni nyumba?

Kutsuka ndi kwanu. Kupaka utoto ndi kugumula n'kwa eni nyumba, chifukwa sizibwereranso mwakale. Apempheni, ndipo yankho likhale lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp. Ambiri savuta mukawaonetsa kachigawo koyesera, ena amavomera kuchotsera pa lendi. Jambulani mizereyo tsiku lolowa m'nyumba, makamaka inu a ku Joni ndi ku Britain kumene dipoziti imadulidwa pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Ndikafuna kulemba mmisiri, tigwirizane zotani?

Mufunseni funso limodzi asanatchule mtengo: wakaleyu muchotsa mozama bwanji, ndipo ndi chida chanji? Akayankha kuti adzangopaka pamwamba, muthokozeni mufune wina. Gwirizanani kuti mudzaona mizere ili yopanda kanthu asanathire watsopano, kuti tailosi yosweka ndi girayinda ndi ya ndani, komanso kuti girauti mugula nokha kuti pasabwere simenti yoyera m'paketi ya dzina lina. Ayambe ndi chipinda chaching'ono. Ndalama yomaliza isungeni mpaka patatha masiku atatu, ndipo musanaipereke kandani mizere ingapo ndi msomali iye ali pomwepo.